Makina oduladula mapesi ndi nthambi: ntchito yake ndi kasamalidwe kake m'boma la Rumphi

RUMPHI: Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba, minda yambiri ya m'chigwa cha Henga, ku Bolero ndi ku Katowo m'boma la Rumphi imafuka utsi pamene alimi akutentha mapesi, udzu ndi nthambi pokonzekera dzinja. Zomwe zimapita ndi motowo ndi zomwenso alangizi a zaulimi akhala akupempha alimi kuti azisunge ndi kuphimbira nazo nthaka.

Chimodzi mwa zipangizo zomwe zingathandize kuti zinyalalazi zisamathere pamoto ndi makina oyendera petulo oduladula nthambi ndi mapesi kukhala tizidutswa ting'onoting'ono. Makinawa si otsika mtengo, amamwa mafuta omwe nthawi zina amasowa m'dziko muno, komanso amatha kudula dzanja la munthu m'kanthawi kochepa. Kotero akuluakulu a boma, makhonsolo ndi mabungwe omwe angaganize zogulira magulu a alimi makinawa akuyenera kudziwa bwino pomwe amapindulitsa, pomwe sapindulitsa, komanso zomwe zimafunika kuti akhalitse.

Chifukwa chomwe nthaka ikufunika kuphimbira

Kafukufuku yemwe mabungwe a FAO, UNEP ndi UNDP adatulutsa m'chaka cha 2016 mogwirizana ndi boma la Malawi adapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko lino linkataya matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka kamba ka kukokoloka. Kafukufuku wina wa World Bank wa m'chaka cha 1992 adapeza matani 20. Nthaka yomwe imapitayi ndi yapamwamba, momwe muli chonde komanso momwe mlimi amathiramo feteleza.

Boma la Rumphi, lomwe pa kalembera wa m'chaka cha 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 229,000, lili ndi mavuto awiri osiyana. Kumapiri a Phoka, Ntchenachena ndi Mphompha mvula imagwa yambiri ndipo minda ili pamtsetse, kotero madzi amathamanga ndi nthaka. Kuchigwa, monga ku Bolero, mvula imachepa ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja imafooketsa chimanga. Kuphimbira kumathandiza mbali zonse ziwiri. Zophimbira zimalandira madontho a mvula asanamenye nthaka, zimachedwetsa madzi kuti alowe pansi, zimasunga chinyontho, zimachepetsa udzu, ndipo zikaola zimasanduka manyowa.

Uthengawu si wachilendo. Bungwe la Sasakawa Global 2000 lidayamba kulimbikitsa ulimi wa mtayakhasu m'Malawi m'chaka cha 1998, ndipo pambuyo pake bungwe la Total LandCare, mogwirizana ndi la CIMMYT, lidakhazikitsa minda yachitsanzo m'maboma angapo kuyambira m'chaka cha 2005. Muyeso womwe bungwe la FAO limatsatira ndi wakuti magawo osachepera 30 pa 100 alionse a nthaka akhale ophimbidwa. Vuto lomwe lakhala likubwezera m'mbuyo ulimiwu ndi kusowa kwa zophimbira, poti mapesi omwewo amadyedwa ndi ng'ombe, amasonkhezeredwa pamoto wophikira, amadyedwa ndi chiswe kapena kupsa ndi moto wolusa.

Momwe makinawa amagwirira ntchito

Aliyense amene adaona m'kati mwa chigayo sangavutike kumvetsa makinawa. Injini ya petulo imazunguza gudumu lachitsulo lolemera kudzera pa lamba, ndipo pa makina ena gudumulo limamangidwa pa injini penipeni. Makina ambiri amakhala ndi makomo awiri. Khomo lopapatiza la m'mbali ndi lolowetsera nthambi, zomwe zimakumana ndi mipeni yomangidwa pagudumu n'kusengedwa kukhala tizipalamandu. Khomo lotambasuka la pamwamba ndi la masamba, mapesi ndi timitengo tanthete, zomwe zimamenyedwa ndi nyundo zolendewera ngati za m'chigayo kufikira zitachepa moti n'kudutsa pa sefa.

Makina ang'onoang'ono amakhala ndi injini ya mahosipawa 6.5, yofanana ndi yomwe imapezeka pa mapampu a mthirira ndi majenereta ambiri, ndipo amadula nthambi zonenepa masentimita pafupifupi asanu. Aakulupo, a mahosipawa 13 kufika 15, amatha nthambi za masentimita asanu ndi awiri kufika khumi. Injini zoterezi zimazungulira pafupifupi ka 3,600 pa mphindi imodzi. Ya mahosipawa 6.5 ikamagwira ntchito yolemera imamwa petulo wapakati pa lita imodzi ndi theka ndi malita awiri pa ola.

Ogula makina a kumapiri akumbukire kuti injini ya petulo imataya mphamvu pamalo okwera chifukwa mpweya umachepa. Kampani ya Honda imalemba m'mabuku a injini zake kuti mphamvu imatsika ndi magawo 3.5 pa 100 pa mamita 300 alionse okwera. Izi zikutanthauza kuti pamalo okwera mamita 1,500 injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake. Makina omwe amadula bwino nthambi yonenepa m'mbali mwa nyanja ku Chiweta akhoza kumazima ndi nthambi yomweyo kumtunda kwa Phoka.

Pomwe amapindulitsa ndi pomwe sapindulitsa

Masamu ochepa chabe akuonetsa malire a makinawa. Kuti hekitala imodzi iphimbidwe yonse ndi zoduladula zochindikala masentimita asanu, pamafunika makiyubiki mita 500, mulu womwe makina ang'ono sangakwanitse ngakhale atagwira ntchito kwa milungu yambiri. M'munda wa chimanga, njira yabwino ikadali yoyala mapesi athunthu pakati pa mizere. Njirayi sifuna petulo, ndipo mapesi athunthu amachedwa kuola komanso sauluzika kapena kutengedwa ndi madzi msanga ngati oduladula.

Phindu la makinawa limaoneka pa mbewu za mtengo wapatali zolimidwa pamalo ochepa. Kuphimbira malo okwana sikweya mita imodzi mozungulira mtengo umodzi, mochindikala masentimita asanu kufika asanu ndi atatu, kumafuna malita 50 kufika 80, omwe ndi ndowa zitatu kapena zinayi za malita 20. Kwa mlimi wa khofi wa ku Phoka kapena ku Mphompha, komwe kuli makopaletivu a pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, muyeso uwu ndi wotheka. Chimodzimodzi kwa alimi a zipatso, a masamba m'madimba, ndi oyang'anira nazale za mitengo.

Makinawa amasandutsanso zinthu zomwe kale zinalibe ntchito kukhala zophimbira. Nthambi zotengulira ku mitengo ya khofi, ya zipatso ndi ya mthunzi, mitengo ya nandolo yokololedwa kale, nthambi za gliricidia ndi zitsononkho za chimanga sizingayalidwe bwino m'munda zili zathunthu, ndipo nthawi zambiri zimangotenthedwa. Zikadulidwa zimayalika mosavuta ndipo zimanyamulika m'matumba kapena pangolo. Opanga kompositi nawo amapindula chifukwa zinyalala zoduladula zimaola msanga kusiyana ndi zathunthu. Phindu lina ndi lakuti mbozi za kapuchi, zomwe zimabisala m'mapesi ouma m'chilimwe kudikira dzinja, zambiri zimafa mapesiwo akaphwanyidwa.

Pali zinthu zomwe siziyenera kulowa m'makinawa ngakhale pang'ono. Mitengo ya fodya, mbewu yomwe alimi ambiri a ku Rumphi amadalira, imayenera kuzulidwa ndi kuwonongedwa ukatha kukolola monga malamulo a ulimi wa fodya amanenera, poti imasunga matenda ndi tizilombo. Mitengo ya khofi yomwe yagwidwa ndi mbozi yoboola tsinde imayenera kutenthedwa. Nthochi zodwala chisaka, udzu womwe wabereka kale njere komanso kaufiti wochita maluwa, zonsezi zikadulidwa n'kumwazidwa zimangofalitsa vuto m'munda wonse.

Kuyala zophimbira

Akatswiri a za nthaka amachenjeza kuti tizidutswa ta mitengo tisakwiriridwe m'nthaka tili tatiwisi. Tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timaoletsa zinyalala timafuna nayitirojeni, ndipo mitengo ili ndi nayitirojeni wochepa kwambiri. Tizidutswato tikasakanizidwa ndi dothi, tizilomboto timatenga nayitirojeni wa m'nthaka yemwe mbewu zikadagwiritsa ntchito, ndipo masamba a mbewu amasanduka achikasu. Tikayalidwa pamwamba vutoli limakhala laling'ono. Kusakaniza nthambi zouma ndi masamba a mbewu za mtundu wa nyemba, monga nandolo ndi gliricidia, kapena ndi ndowe za ziweto, kumalichepetsanso.

Zophimbira zisakhudze tsinde la mtengo. Pasiyidwe mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri pofuna kupewa kuola kwa khungwa komanso kuti chiswe chisapeze njira yokwerera. Nthawi yabwino yoyala ndi kumapeto kwa dzinja, nthaka ikadali ndi chinyontho, kapena madzi akangothiriridwa. Munda wophimbidwa umapsa msanga moto ukalowa, choncho kulambula njira yotchinga moto mozungulira munda ndi mbali ya ntchito yomweyi.

Kugwiritsa ntchito popanda ngozi

Ngozi zambiri za makinawa zimachitika pa zifukwa ziwiri: kukankha zinyalala ndi dzanja, ndi kuyesa kuchotsa zomwe zatsekera m'kati injini ikulira. Gudumu la makinawa ndi lolemera ndipo limapitiriza kuzungulira kwa kanthawi injini itazimitsidwa. Lamulo loyamba ndi lakuti makina akatsekeka, woyendetsa azimitse injini, adikire gudumu liime, achotse waya wa pulagi, kenako atsegule. Zinyalala zazifupi zikankhidwe ndi ndodo yamtengo, osati dzanja kapena chitsulo.

Woyendetsa avale magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, nsapato zotseka ndi zovala zothina. Chitenje, mpango wolendewera kapena malaya a manja otaya zikhoza kukoledwa ndi nthambi yomwe ikukokedwa ndi mipeni. Phokoso la makinawa limaposa muyeso wa madesibo 85 womwe umayamba kuwononga makutu munthu akakhalitsapo. Ana, ziweto ndi oonerera akhale patali mamita osachepera 15, makamaka mbali yomwe tizidutswa timatulukira.

Makina ayikidwe panja, pamalo athyathyathya. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo, kotero kuwaliza m'shedi ya fodya kapena m'nyumba yotseka n'koopsa. Petulo athiridwe injini itazima ndi kuzizira. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene udzu wauma, paipi yotulutsa utsi ikhoza kuyatsa zinyalala zomwe zaunjikana pafupi, choncho pamalopo pazisesedwa pafupipafupi ndipo pakhale ndowa ya mchenga.

Kalowetsedwe ka zinyalala kamakhudzanso moyo wa makina. Nthambi ilowe poyambira kotsinde, ndipo mphanda zisadzidwe kaye ndi chikwanje. Woyendetsa azimvetsera kulira kwa injini: ikayamba kulemedwa, aleke kaye kulowetsa mpaka ibwerere mwakale. Nthambi zomwe zangodulidwa kumene zimasengeka mosavuta kusiyana ndi zouma gwa, zomwe zimabunthitsa mipeni msanga. Masamba onyowa ndi zinthu za luzi monga makungwa a nthochi zimamata pa sefa ndi kukulunga pachitsulo chozungulira, kotero ziyambe zafota kwa masiku angapo ndipo zizilowetsedwa mosinthana ndi zouma. Mizu ya mapesi idulidwe chifukwa dothi ndi timiyala ndiye mdani wamkulu wa mipeni. Waya, misomali ndi zingwe zichotsedwe zinyalala zisanafike pamakina.

Ku malo a ntchito monga maofesi a boma, masukulu ndi maesiteti, lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la m'chaka cha 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti makina ndi otetezeka komanso kuti owagwiritsa ntchito aphunzitsidwa.

Kusamala injini

Injini zazing'onozi zimafa kawirikawiri ndi zinthu zitatu: oyilo, fumbi ndi petulo wogonera.

Oyilo aziyang'anidwa tsiku lililonse ntchito isanayambe, makina ali pamalo athyathyathya. Injini ya mahosipawa 6.5 imasunga oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita, kotero akachepa pang'ono injini ili kale pangozi. Injini yatsopano imafuna kusinthidwa oyilo msanga. Kampani ya Honda imati oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola 20 ndipo kenako pa maola 100 alionse, pamene makampani ena amalamula maola ocheperapo. Buku la makinawo ndilo litsogolere, ndipo pantchito ya fumbi ngati imeneyi n'kwanzeru kusintha nthawi isanakwane. Oyilo wakutha asatayidwe m'munda kapena mumtsinje.

Mapesi ouma amatulutsa fumbi lambiri, ndipo fumbilo likalowa mu injini limadya zitsulo ngati msasa. Fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa tsiku ndi tsiku. Yasiponji imachapidwa ndi madzi a sopo, kuumitsidwa bwino ndi kupakidwa oyilo pang'ono, pamene yapepala imangogogodedwa ndipo ikada kwambiri imasinthidwa. Mipata yoziziritsira injini ichotsedwe zinyalala, poti injinizi zimazizira ndi mphepo osati madzi. Pulagi iyeretsedwe pa maola 100 alionse, ndipo mpata wake pa injini zambiri zamtunduwu umakhala mamilimita 0.7 kufika 0.8.

Nkhani ya petulo ili ndi mbali yokhudza dziko lino mwapadera. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene kampani ya ETHCO idatsegula fakitale yake ku Dwangwa, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo kampani ya PressCane ku Chikwawa idayambanso kupanga m'chaka cha 2004. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Petulo wotere akakhalitsa m'thanki amagwira madzi, amachititsa dzimbiri ndi kutseka timabowo ta m'kabureta. Popeza makinawa amagwira ntchito miyezi yochepa pachaka, akamasungidwa kopitirira mwezi umodzi petulo akhuthulidwe m'thanki ndi m'kabureta momwe. Mafuta akasowa, monga zidachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 komanso kuyambira mu 2022, anthu amathamangira petulo wa m'zigubu yemwe nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zitsotso. Petulo wotere asefedwe, ndipo ngati akukayikitsa asathiridwe.

Kusamala mipeni, lamba ndi mabawuti

Mipeni yobuntha imadziwika msanga: nthambi sizikokedwanso zokha, makina amanjenjemera, tizidutswa timatuluka tonyenyeka, ndipo petulo amatha msanga. Mipeni inoledwe motsata kapendekedwe kake koyamba ndipo isatenthedwe pa gilayinda mpaka kusintha mtundu, chifukwa chitsulo chikapsa chimafewa. Ngati mipeni ili iwiri, inoledwe kapena kusinthidwa pamodzi kuti ilemere mofanana. Gudumu lozungulira mothamanga chotero likalemera mbali imodzi limaphwanya mabeling'i. Mpeni wong'aluka usawotcheredwe koma utayidwe, poti chidutswa chake chikathothoka chimauluka ngati chipolopolo.

Nyundo zimatembenuzidwa mbali imodzi ikadyeka, monga amachitira a zigayo. Mabawuti, makamaka a mipeni, amamasuka ndi kunjenjemera ndipo aziyesedwa ndi sipanala m'mawa uliwonse. Lamba wolefuka amaterereka n'kupsa, pamene womangitsa amawononga mabeling'i. Girisi athiridwe monga buku likunenera. Ntchito ikatha, m'kati mwa makina muchotsedwe zotsalira zonyowa, ndipo makinawo asungidwe pansi pa denga.

Zomwe ogula akuyenera kukonzeratu

Injini za makinawa sizivuta kukonzetsa chifukwa amakanika a pa boma la Rumphi ndi a mumzinda wa Mzuzu, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, adazizolowera pa mapampu ndi majenereta. Chovuta ndi mipeni, nyundo ndi sefa, zomwe zimasiyana malinga ndi mtundu wa makina ndipo kawirikawiri zimachokera kunja kwa dziko lino. Ofesi yomwe ikulemba zofunika pa tenda ikhoza kupewa vutoli polamula kuti wogulitsa apereke mipeni ndi malamba apadera, buku la makina, maphunziro a oyendetsa, komanso umboni wakuti zipangizo zosinthira zimapezeka m'dziko muno.

Mlimi mmodzi wa munda waung'ono sangabweze ndalama zogulira makinawa, kotero umwini woyenera ndi wa gulu monga kopaletivu, kalabu kapena sikimu ya mthirira. Komabe katundu wa anthu ambiri amaonongeka msanga ngati palibe womuyang'anira. Gulu lisankhe anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa omwe okha ndiwo aziyendetsa makina. Pakhale kope lolembamo maola omwe makina agwira ntchito tsiku lililonse, petulo yemwe wathiridwa ndi tsiku lomwe oyilo wasinthidwa, chifukwa popanda kopeli palibe angadziwe kuti maola 100 akwana liti. Wobwereka aliyense azilipira ndalama yokwanira petulo, oyilo, malipiro a woyendetsa ndi kagawo kosungira mipeni yatsopano. Malangizo a chitetezo alembedwe m'Chitumbuka, chinenero cha anthu ambiri m'bomali, ndi kumatidwa pamakinapo.

Alangizi a m'magawo a zaulimi a Bolero, Mhuju, Katowo, Mphompha, Ntchenachena ndi Chiweta, omwe ali pansi pa Mzuzu ADD, ndiwo angathandize magulu kuona ngati dera lawo lili ndi nthambi ndi zinyalala zokwanira makina asanagulidwe. Mafumu nawo ali ndi gawo lalikulu kudzera m'malamulo a m'midzi oletsa moto wolusa ndi kulekerera ziweto m'minda ya ena, poti zophimbira zomwe zadya petulo wa gulu zikhoza kutha ndi moto umodzi. Nkhalango za boma komanso malo otetezedwa a Nyika ndi Vwaza si kotengako zodula. Makinawa ndi a nthambi zotengulira m'minda ndi m'nkhalango zodzala, ndipo gulu lopanda mitengo yakeyake likuyenera kuyamba ladzala mitengo lisanaganize zogula makina.